ZA PAKHOMO PATHU: Makina a nthunzi ndi thumba la munthu wamba

Kuno ku Katete mwezi wa Ogasiti ndi mwezi wa mphepo, fumbi ndi alendo. Kumapeto kwa mweziwo Achewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ife amene nyumba zathu zili pafupi ndi msewu timadziwa kuti masiku amenewo chibale chimakumbukika. Msuweni amene wakhala chete zaka zisanu amangotulukira ndi chikwama m'manja, ndipo simungamubweze. N'chifukwa chake mwambo ukamayandikira amayi amatulutsa matiresi padzuwa, ana amasesa kangaude kudenga, ndipo amene ali ndi galimoto amayamba kuchita manyazi ndi mipando yake.

Inali nthawi yotere chaka chatha pamene alamu anga anafika pakhomo madzulo. Iwowa ali ndi galimoto ya Toyota Noah imene amanyamulira anthu pakati pa Katete ndi Sinda. Atamwa madzi anatulutsa foni nandionetsa kanema wa pa Facebook. M'kanemamo dzanja linali kuyendetsa kachipangizo kotulutsa nthunzi pampando wakuda bii wa galimoto, ndipo pamene kadutsa panali kuyera mbee.

"Alamu, inu munakhalapo nako kachipangizo aka," iwo anatero. "Tandiuzani zoona, ndigule? Anthu ayamba kusankha galimoto poyang'ana mipando."

Akazi anga, amene ndi mlongo wawo, anaseka ali kukhitchini. Anali ndi chifukwa chosekera, ndipo ndiyenera kuulula.

Zaka zingapo zapitazo mwana wathu wotsiriza anabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko, ndipo m'bokosi lake munabwera nsikidzi. Pasanathe miyezi iwiri zinali zitalanda nyumba yonse. Nditapita ku Lusaka pa zifukwa zina, ndinalowa m'sitolo ina ndi kugula kamakina ka nthunzi kotsika mtengo koposa onse amene anali pashelefu, kooneka ngati ketulo yokhala ndi mlomo wautali. Sindinafunse funso ngakhale limodzi, lisiti sindinalandire, kabuku kake sindinawerenge. Nthunzi inali kutuluka mphindi zochepa chabe, kenaka madzi atha. Tsiku lachiwiri ndinatsegula chotsekera kamakinako kasanazizire, ndipo chipsera chake ndili nacho pachala mpaka lero. Patapita miyezi itatu kanayamba kulavula madzi m'malo mwa nthunzi, kenaka kanangoti zii. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Zimene ndinawauza alamu usiku umenewo ndi zimene ndinaphunzira ndalama zitapita kale.

Poyamba tidziwe chimene makinawa ali. M'kati mwake muli thanki ya madzi ndi chitsulo chotenthetsa, chofanana ndi cha m'ketulo ya magetsi. Kusiyana kwake n'kwakuti thankiyo ndi yotsekeka ndithu, kotero kuti nthunzi imapanikizika ndipo madzi amatentha kupitirira madigiri 100, kufika pafupifupi 140 m'makina abwino. Lita imodzi ya madzi imasanduka malita a nthunzi pafupifupi 1,700, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino wake: madzi ochepa amagwira ntchito yaikulu, ndipo chinthu chotsukidwacho sichinyowa kwambiri. Kutenthako kumasungunula mafuta ndi kufewetsa litsiro. Koma nthunzi simeza litsiro. Imangolitakasa, ndipo munthu ayenera kulipukuta ndi nsalu youma nthawi yomweyo. Mukapanda kutero litsirolo limauma pomwepo, mwina litafalikira malo aakulu kuposa poyamba. Nsaluyo m'kanema wa alamu sinaoneke.

Chachiwiri, ndipo apa alamu anagwa nkhope, makina a nthunzi si makina aja opopera madzi mwamphamvu amene anyamata otsuka galimoto amagwiritsa ntchito m'matauni. Mphamvu ya kupanikizika imayezedwa ndi muyeso wotchedwa bar. Makina opopera madzi amapitirira 100, pamene a nthunzi a pakhomo amalekezera pa 3 kapena 4. Matope amene galimoto imatola m'misewu ya kumidzi nthawi ya dzinja, kapena fumbi la njira ya ku Vubwi, sizichoka ndi nthunzi. Zimenezo n'za ndowa, sopo ndi nsanza monga kale. Ntchito ya nthunzi ili m'kati mwa galimoto: mipando ya nsalu, makapeti mutayamba mwawakutumula, timipata ta m'zitseko, ndi pamene mwana anasanzira.

Ngakhale m'katimo muli malo osayenera. Nsalu ya kudenga kwa galimoto inamatidwa ndi guluu, ndipo nthunzi ikachuluka guluuyo amalekerera, nsalu n'kuyamba kulendewera pamitu ya anthu. Pepala lakuda lomata pamagalasi limafutukuka. Galasi lakutsogolo likakhala ndi mng'alu kale, monga ambiri a galimoto zathu, kutentha kwadzidzidzi m'mawa wozizira kungautalikitse mng'aluwo. Pa wailesi, pa mabatani ndi pa mawaya a injini musayandikirepo n'komwe. Mukamaliza siyani zitseko zotsegula padzuwa mpaka mipando iume, kuopa fungo la nkhungu, limene ndi loipa kuposa litsiro limene munali kuthamangitsa.

Tsopano nkhani ya magetsi, imene kwa ife ndiyo mutu wa zonse. Makina a nthunzi ndi mbale wake wa ketulo ndi simbi, ndipo amadya magetsi mofanana nawo. Aang'ono a m'manja amafuna mawati 1,000 kapena kuposerapo pang'ono, aakulu okoka pansi amafuna 1,500 mpaka 2,000. Kuwerengera kwake n'kosavuta: makina a mawati 1,500 akayaka maola awiri osapuma adya mayunitsi atatu. Zimenezo si zoopsa kwa amene ali ndi magetsi a Zesco. Koma sola yaing'ono imene imayatsa mababu ndi kutchaja mafoni singawanyamule. Inveta kapena kajenereta ka mawati osakwana 1,000 kadzangozima, mwinanso kupsa. Mabanja ambiri a m'midzi ya Sinda ndi Vubwi ali m'gulu limeneli, ndipo kwa iwo yankho ndi lalifupi: musagule, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo ndi theka.

Amene muli ndi magetsi, kumbukirani chaka cha 2024. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo pofika Seputembala magetsi anali kuzima maola 17 patsiku kapena kuposerapo. Chaka chimenecho mbaula inabwerera pampando wake, ndipo zipangizo zambiri za magetsi zinakhala zokongoletsa kabati. Munthu amene akufuna kudalira makina a nthunzi kuti apezerepo chakudya, monga kutsukira anthu galimoto, ayenera kudzifunsa chimene adzachite chaka chotero chikadzabweranso. Ndiponso chingwe chowonjezera chikhale chochindikala. Tizingwe topyapyala ta pamsika timatentha ndi kusungunuka, ndipo malo amene pali madzi ndi magetsi pamodzi si oseweretsa.

Makinawa alipo a mitundu itatu. Woyamba ndi uja wanga wa m'manja, wolowa madzi okwana kapu imodzi kapena kuposa pang'ono. Ndi wabwino potsuka chitofu, mpopi kapena ngodya za bafa, koma munthu wofuna kutsiriza matiresi atatu ndi mipando ya Noah adzakalamba akudikira, chifukwa madzi akatha ayenera kuyembekeza kuti kazizire asanatsegule. Wachiwiri ndi wooneka ngati chokolopera chachitali. Umenewu ntchito yake ndi pansi pokha, ndipo m'galimoto sulowa. Wachitatu ndi wokhala ndi thanki ya lita imodzi kapena kuposa, yoyenda pa timawilo, ndi paipi yaitali ndi timitu tosinthasintha. Kwa munthu wofuna makina amodzi a nyumba ndi galimoto yomwe, wachitatuyu yekha ndiye woyenera kuganiziridwa.

Mu mtundu wachitatuwu mulinso kusiyana. Ena amawiritsa madzi onse nthawi imodzi: amatenga mphindi zingapo kuti akonzeke, ndipo madzi akatha mudikire. Ena amatenthetsa madzi pang'onopang'ono pamene akudutsa, kotero kuti amakonzeka msanga ndipo mungawonjezere madzi ntchito ili m'kati. Chitsanzo chake ndi SC 3 ya kampani ya ku Germany ya Kärcher, imene imakonzeka pasanathe mphindi imodzi. Sindikutchula dzinali kuti mukagule limenelo, koma kuti muone kumene mtengo umabisala. Makina amenewo ali ndi kasefa kochotsa mchere m'madzi, kamene kamatha ndipo kamafuna kugula kena. Funsani wogulitsa ngati kasefako, nsalu zake ndi mphira wa pachotsekera zimapezeka ku Chipata, kapena mpaka munthu akwere basi ya ku Lusaka. Akayamba kukanda kumutu, mwamva yankho.

Mchere wa m'madziwu ndiwo unapha kamakina kanga. Suzumirani m'ketulo yanu. Ngati pansi pake payanga zoyera zolimba ngati laimu, madzi a kwanu ndi a mchere wotere, monga amakhalira madzi a m'mijigo yambiri. Zoyerazo zimayanganso m'makina a nthunzi, ndipo popeza timabowo take ndi tating'ono, timatsekeka msanga. Mankhwala ake ndi kusakaniza madzi a pampopi ndi madzi osungunulidwa aja othira m'batire ya galimoto, kutaya madzi otsala mukamaliza ntchito, ndi kutsuka thanki nthawi ndi nthawi monga kabuku kanenera. Ena amatsukira viniga, koma makampani ena amaletsa, choncho werengani kabukuko musanayese. M'thanki musathiremo sopo, mafuta onunkhira kapena klorini. Zimawononga makina, ndipo mpweya wake mudzaupuma ndinu.

Akazi anga atamva tafika pa za m'nyumba anabwera kudzakhala nafe, nafunsa funso limene ine sindikanaliganiza.

"Abambo, nanga pansi pathu pano popaka polishi, nthunziyo ingapatani?"

Ingapawononge. Polishi wofiira amene timapaka pasimenti ndi phula, ndipo phula likamva kutentha limasungunuka. Khonde limene mayi waligwadira zaka khumi mpaka kumaoneka nkhope lingachite mawangamawanga tsiku limodzi. Pansi pozira ndi dothi sipafunika kunena. Mipando ya matabwa yopaka vanishi imatuwa. Makinawa anapangidwira nyumba za matailosi, ndipo pamatailosi, makamaka m'mizere ya pakati pake imene imada, amagwiradi ntchito yosiririka. Musanagule, yendani m'nyumba mwanu ndi kuwerenga zinthu zimene nthunzi ingakhudze popanda kuwononga. Ena adzapeza kuti ndi matiresi ndi sofa basi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha mwapadera kuti nthunzi isazikhudze. Choyamba ndi neti yoteteza udzudzu. Neti ili ndi mankhwala, ndipo malangizo ake ndi akuti ichapidwe mofatsa ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, ndi kuyanikidwa pamthunzi. Chachiwiri ndi makoma amene a zaumoyo apopera mankhwala a udzudzu, monga amachitira m'maboma athu ano mvula isanayambe. Amatiuza kuti tisatsuke kapena kupaka makomawo, chifukwa mankhwala amakhala pakhomapo miyezi ingapo akugwira ntchito. Munthu wothamangitsa nsikidzi ndi nthunzi pakhoma lotere akutsegulira malungo chitseko. Nsikidzi zimasowetsa tulo ndi kuchititsa manyazi, koma sizidziwika kuti zimafalitsa matenda. Udzudzu umapha.

Pa nsikidzi penipenipo ndiyenera kuwachitira chilungamo makinawa, pakuti apa ndi pamene amaposa njira zina. Nsikidzi zambiri masiku ano sizimva mankhwala, ndipo si vuto la osauka okha: mu 2023 mzinda wa Paris unatekeseka nazo mpaka nkhani yake inamveka dziko lonse. Koma kutentha sizinakuzolowere. Kukapitirira madigiri 60, nsikidzi ndi mazira ake zimafa. Amayi athu anali kudziwa zimenezi pamene anali kuthira madzi owira m'malumikizo a bedi ndi kuyanika mphasa padzuwa, ndipo pa bedi la matabwa kapena la chitsulo ketulo ikadali yokwanira. Pamene ketulo imalephera ndi m'misoko ya matiresi, m'sofa ndi m'mipando ya galimoto, mmene mukathira madzi ambiri simuuma.

Kachitidwe kake kamafuna kudekha. Nthunzi ikangotuluka imazizira msanga, choncho mutu wa makina ukhale pafupi kwambiri ndi nsalu ndipo uyende pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi imodzi. Gwiritsani mutu waukulu wokuta ndi nsalu, chifukwa kamlomo kosongoka kamangoziuluza nsikidzizo zili zamoyo n'kukagwera kwina. Yambani ndi misoko ndi ngodya. Patapita sabata imodzi kapena masiku khumi bwerezani, pakuti mazira amene anapulumuka amakhala ataswa. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha tsiku lomwelo. Ndipo ana akhale kutali. Nthunzi imawotcha kuposa madzi owira, ndipo pafupi ndi kamlomo sioneka ndi maso.

Za kutsatsa kuja kwakuti nthunzi imapha tizilombo ta matenda pafupifupi tonse, n'zoona pamalo olimba pamene yakhalitsa mokwanira. Koma matenda otsegula m'mimba amene amavuta mabanja athu amalowera m'madzi akumwa ndi m'manja osasamba. Ndalama ya sopo ndi klorini isapite ku makina.

Kenaka alamu anafunsa za mtengo. Mitengo ya zinthu zochokera kunja imayenda ndi kwacha, ndipo imene ndingalembe lero idzakhala itasintha magazini ino isanafike m'manja mwanu. Ine ndimawerengera m'matumba a chimanga. Mu 2024 bungwe la FRA linali kugula thumba la makilogalamu 50 pa K330. Tengani mtengo wa makina, muugawe ndi mtengo wa thumba wa chaka chimene mukugulacho, ndipo muone ngati mtima ukulola kuti matumba ochuluka chotero atuluke m'nkhokwe chifukwa cha chinthu chimene mudzachigwiritse ntchito mwina kanayi pachaka. Wotsika mtengo weniweni si amene nambala yake ndi yaing'ono pashelefu. Kanga kanali kotsika mtengo, ndipo kanakhala miyezi itatu.

Pogula, tembenuzani makinawo muwerenge kachikwangwani ka pansi pake. Magetsi a m'Zambia ndi a mavoti 230. Makina opangidwira ku America ndi a mavoti 120, ndipo ena otere amapezeka pakati pa katundu wakale wochokera kunja. Mukawalumikiza kuno amapsa nthawi yomweyo. Yang'ananinso pulagi. Masoketi a m'nyumba zambiri kuno ndi a mano atatu a ngodya, monganso ku Malawi. Katundu wa ku South Africa amabwera kawirikawiri ndi mano atatu aakulu obulungira, ndipo wolowera pa Chanida kuchokera ku Mozambique amakhala ndi awiri obulungira. Kusintha pulagi si ntchito yaikulu, koma aichite wodziwa za magetsi, osati kulowetsa mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi. Chotsekera thanki chikhale cha mtundu wokana kutseguka m'kati mukadali nthunzi, ndipo pachogwirira pakhale loko woletsa mwana kukanikiza. Pemphani kuti athire madzi ndi kuyatsa muli pomwepo. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Lisiti musalisiye, ndipo palembedwe miyezi ya chitsimikizo chakuti makina akawonongeka adzakonzedwa kapena kusinthidwa. Lamulo loteteza ogula la chaka cha 2010 limaletsa eni masitolo kupachika zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo bungwe la CCPC lilipo kuti lilandire madandaulo a ogula. Koma bungwelo lidzafuna umboni, ndipo munthu wogula kwa wogulitsa wa pafoni amene sakudziwika pokhala alibe pogwira.

Alamu anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti ndekha sindingathe, alamu."

Sanathedi okha. Akazi anga ndi amene anapeza njira. Iwo ali m'chilimba ndi amayi ena a m'dera lathu, ndipo awiri mwa iwo, onse a nyumba za magetsi, anali kulimbana ndi nsikidzi mwakachetechete, aliyense akuganiza kuti vutolo ndi lake yekha. Mabanja atatu ndi alamu tinasonkha, ndipo alamu anakagula ku Chipata makina a mtundu wachitatu, a thanki ya lita imodzi, atawayesa m'sitolo momwemo. Amasungidwa kwathu, pamodzi ndi kope lolembamo amene watenga ndi tsiku lobweza. Wotenga amabwera ndi madzi ake a m'batire, amabweza nsalu zitachapidwa, ndipo amasiya kangachepe m'chitini kogulira zimene zidzathe. Takanganapo kamodzi, pamene makina anabwerako kamutu kamodzi kakusowa, ndipo nkhaniyo inatenga sabata ziwiri kuti ithe. Vuto limene sitinalipezere yankho ndi lakuti Kulamba kukayandikira tonse timawafuna tsiku limodzi.

Nsikidzi za m'nyumba ziwiri zija zinatha titabwereza katatu. Mipando ya Noah inayera, kupatula wakumbuyo, pamene munthu wina anatayira mafuta ophikira zaka ziwiri zapitazo. Banga limenelo linakana nthunzi, linakana sopo, ndipo pomaliza alamu anapita kwa telala wa pamsika nasoketsa zovundikira mipando za chitenje, zimene amazivula ndi kuchapa Loweruka lililonse.